Kusula nyanda ku Mulanje: momwe ntchito ikuyendera

Novembala

Ntchito imene ndayamba ndi yopanga chovala cha mayi wa kuno kwathu monga chinkakhalira nsalu za m'sitolo zisanafale, kuchokera pamtengo kufika pathupi, makina osakhudzapo. Ndikufuna nyanda (nsalu yosulidwa kuchokera ku khungwa la mtengo) yaikulu yomanga m'khwapa kutsikira m'mawondo, ina yoberekera mwana, ndipo makungwa akatsala ndipangenso thewera la bambo. Gawo lililonse ndizilijambula pa foni n'kuliika pa Facebook ndi TikTok, kuti wofuna kuyesa kwawo apeze poyambira.

Ine ndine telala, ndimasoka pakhonde pa Chitakale. Chaka ndi chaka Okutobala akayandikira, anthu amanditutira ziguduli kuti ndiwasokere "zachikhalidwe" zokavala ku Chonde pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe. Ndimasoka ndithu, ndalama sindikana. Koma chiguduli ndi thumba la kufakitale, ulusi wake umalimidwa ku India ndi ku Bangladesh, ndipo wakale amene adachivalapo adachivala chifukwa chosowa. Kumva anthu akuchitcha chovala cha makolo kumandiwawa.

Mphunzitsi wanga ndi agogo aamuna, malume awo a mayi, amene amakhala cha ku Muloza kufupi ndi malire. Nditawafotokozera anaseka mpaka kutsokomola. "Akazi anga, makina aja akutopetsani? Anzanu akuthamangira kaunjika, inu mukubwerera ku nyanda?" Anavomera komabe, ati bola fodya wawo asasowe.

Mkangano woyamba unali wa mtengo. Agogo amadziwa mombo, womwe uja timafundulako luzi, ndipo akuti nyanda yake ndi yolimba kuposa ina iliyonse. Vuto ndi lakuti mombo ukausenda kuzungulira thunthu, wafa basi. Mombo wotsala kuno uli m'nkhalango ya phiri la Mulanje, imene ndi yotetezedwa kuyambira 1927, ndipo wambiri adapita kale ndi makala. Amene adaona zimene madzi ndi miyala zidachita m'midzi ya m'munsi mwa phiri pa namondwe Freddy mu Malichi 2023 sangakonde kuona telala akuphunzitsa anthu pa intaneti kusenda mitengo ya m'phiri. Ndiye tagwirizana pa kachere. Ku Uganda amasula nyanda kuchokera ku mutuba, mtengo wa mtundu wa kachere wathuyu, ndipo akasenda amakulunga thunthu ndi masamba a nthochi kuti khungwa limerenso. Mtengo umodzi amausenda chaka ndi chaka kwa zaka zambiri. Luso lawolo bungwe la UNESCO lidalizindikira mu 2005, chaka chomwenso lidazindikira Gule Wamkulu ndi Vimbuza. Agogo akuti kwawo kachere ankamusulanso mombo ukatalikira, koma zokulunga ndi masambazo sadazionepo. Tinene poyera kuti kasulidwe n'kathu, kasamalidwe ka mtengo n'kobwereka.

Kachere wa pabwalo la amfumu sitingamuyandikire n'komwe. Mwayi wake, msuweni wanga adadzala zikhomo za kachere ngati mpanda wa dimba, zinaphuka, ndipo tsopano ndi mitengo yowongoka yokula ngati ntchafu ya munthu wamkulu. Watilola itatu.

Disembala

Tinadikira mvula kuti ikhazikike, chifukwa khungwa limasiyana bwino ndi mtengo madzi akakwera. Podikirapo ndinapita kwa mmisiri wosema wa ku Likhubula kuti andipangire nyundo ziwiri za mtengo wolimba. Kumaso kwa nyundo amagoba mizere: ina mizere yakuya yotalikirana, yoyambira, ina mizere yaing'ono yothithikana, yomalizira. Chosulirapo ndi chipika cha bulugamu chopalidwa bwino, chogoneka pansi. Kakhwiri kalikonse kotsala pachipikapo kamaboola nyanda.

Tsiku losenda tinalawirira mame asanakamuke. Agogo anayamba ndi kupala khungwa lakunja mtengo uli chiimire, ndi mpeni wobuntha, kuchotsa chotuwa chija mpaka chobiriwira chitatha n'kuoneka choyera. Kenako anadula mzere wozungulira m'mwamba pamene dzanja lawo linafika, wina m'munsi pafupi ndi dothi, ndi wina wotsika kulumikiza iwiriyo. Mpeni anauika pansi. Chofundulira chinali kansungwi kosongoledwa mophwatalala, chifukwa chitsulo chikakanda mtengo wamkati pamenepo khungwa silimeranso bwino. Analowetsa kansungwi m'mzere muja n'kumakayendetsa pang'onopang'ono, dzanja lina likukoka. Utomoni woyera, womwe uja anyamata amapangira ulimbo wa mbalame, unayenderera mpaka m'zigongono zawo. Khungwa linachoka lonse lathunthu, thunthu n'kutsala loyera mbee, lonyowa. Pamenepo n'kufulumira: ine ndi msuweni tinalikulunga ndi masamba aawisi a nthochi n'kumanga ndi luzi la nthochi lomwelo dzuwa lisanaliwombe. Masambawo tinakawachotsa patapita sabata, ndipo tinapeza thunthu layamba kuchita khungu lofiirira.

Khungwa lalikulu linatalika mita imodzi ndi theka, m'lifupi masentimita 35. Agogo tepi yanga alibe nayo ntchito. Iwo amayeza ndi mkono ndi mkwamba, monga nsalu inkayezedwera kale.

Januwale

Kusula ndiye mwini ntchito, ndipo mwezi uno wonse wapita pamenepo.

Khungwa timalipinda n'kulifutsa mumphika waukulu pa nthunzi kuti lifewe, monga amachitira ku Uganda. Agogo akuti iwo ankangolinyika mumtsinje usiku wonse. Tayesa zonse ziwiri. Lofutsa limamvera nyundo msanga ndipo mtundu wake umatuluka wofanana ponse.

Amaligoneka pachipika mopingasa n'kuyamba kumenya kuchokera m'mphepete, nyundo ikugwa yokha ndi kulemera kwake, dzanja lamanzere likukoka khungwa pang'ono pa kumenya kulikonse. Ndikamaonerera zimaoneka zopepuka. Ine ndikagwira ndimafuna kumenya ndi phewa lonse, agogo n'kumati, "Mwakwiyira ndani? Ilekeni nyundo igwire ntchito yake." Mphamvu ili pamfundo ya dzanja, chigongono sichichoka pambali. Akamaliza mbali imodzi amatembenuza. Likayamba kupyapyala amalipinda pawiri n'kumenya, kenako panayi, kenako kasanu ndi katatu, kuti nyundo isagunde chipika kudzera pa nsalu yopyapyala. Likauma pang'ono amamwa madzi n'kulipemerera ndi pakamwa. Pakati pa kupinda kulikonse timalipotokola anthu awiri, wina uku wina uku, kufinya madzi, n'kulikoka m'mbali.

Chimene telala aliyense ayenera kudziwa n'chakuti nyanda imakula m'lifupi mokha. Mitsitsi ya khungwa imayenda motsata msinkhu wa mtengo, ndipo nyundo imangoitalikitsana. Khungwa lathu la masentimita 35 linafika mita imodzi ndi pang'ono, koma m'litali silinasinthe kwenikweni. Zotsatira zake n'zakuti ukaikoka motsata mitsitsi ndi yolimba zedi, ukaikoka mopingasa imang'ambika mosavuta. Kamangidwe konse ka chovalachi kamatsata mfundo imeneyi. Mayi ankaivala mitsitsi itazungulira thupi, kuti pomanga ndi pokhala pansi ikokeke kumene ili ndi mphamvu. Yoberekera mwana n'chimodzimodzi: mitsitsi iyende kuchokera ku mfundo ya pachifuwa kuzungulira kumsana.

Pamene panali nthambi pamatsala chibowo, ndipo ukamenya chimakula. Palibe mmisiri angachipewe. Agogo amangochizungulira n'kudutsa, zigamba n'za pambuyo.

Phokoso la nyundo limamveka kutali, ndiye alendo sasowa. Amayi achikulire angapo anabwera kudzandiuza kuti kusula inali ntchito ya amuna. N'zoona. Ndinawayankha kuti mwamuna wofuna adzalandire nyundo, chipika chilipo. Mpaka lero amene wabwera ndi mnyamata mmodzi wa sekondale, ndipo dzanja lake likuposa kale langa.

Febuluwale

Kanema woyamba wa kusula ndinamuika kumayambiriro kwa mwezi. Tisanajambule agogo anaika lamulo lawo: manja ajambulidwe, nkhope ayi. Ndinkaganiza kuti ndi manyazi wamba a anthu akuluakulu pa kamera, mpaka tsiku lina mvula itatitsekera m'khitchini anafotokoza okha.

Nyanda sadaiphunzire pa chikondwerero. Ali mwana adangoonako agogo awo akusula, ndipo pofika unyamata wawo aliyense ankavala nsalu ya m'sitolo. Adadzaigwira ndi manja awo pa nkhondo ya Frelimo ndi Renamo kwawo ku Mozambique, masitolo a kumudzi atapsa, misewu itatsekeka, mchere ndi sopo zitasowa. Zovala zitatha pathupi, okalamba amene ankakumbukira adatenga anyamata kupita nawo kuthengo kukawaonetsa mombo. Mu 1986, nkhondo itafika poipa ku Milange ndi m'chigawo cha Zambezia, agogo adawoloka kulowa kuno ku Mulanje ndi banja lawo, akazi awo atavala nyanda, mwana ali m'nyanda kumsana. Malawi idasunga othawa nkhondo a ku Mozambique oposa miliyoni imodzi mtendere usanasainidwe ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Chimene iwo amakumbukira pa tsiku lowolokalo ndi ana a kuno akuwalondola n'kumaseka zovala zawo. Chitenje choyamba chimene adalandira, agogo aakazi adatenga nyanda ija n'kukaitaya kudzala tsiku lomwelo.

"Inu mukuti chikhalidwe," anatero. "Ife tinkati usiwa."

Mawu amenewa asintha momwe ndikulembera pansi pa makanema. Luso limeneli lafika kwa ine kudzera m'nkhondo, ndipo anthu ambiri amene akulidziwa m'dera lino akulidziwa pa chifukwa chomwecho. N'chifukwa chake ukafunsa m'midzi ya ku Muloza ndi ku Limbuli amayamba akana, kenako ukakhalitsa amakukonza kagwiridwe ka nyundo. Sindikufuna kujambula munthu wotere ngati chionetsero, kapena kukometsera zinthu ndi mawu oti "makolo athu ankasangalala". Ndinawafunsa agogo ngati nkhani yawo ndingailembe. Anati lembani, dzina lokha musiye.

Pa zojambula: nyimbo sindiika. Kulira kwa nyundo kumaphunzitsa kuposa mawu anga, chifukwa khungwa lokhuthala limalira mosiyana ndi lopyapyala, ndipo wosula amamva ndi khutu nthawi yopinda. Foni ndimaimangirira ku nsungwi pamwamba pa chipika kuti iyang'ane pansi. Kwa agogo foni imakonda kugwira netiweki ya ku Mozambique, ndiye zotumiza zonse zimadikira ndikafike pa Chitakale, usiku bandulo ikamatsika mtengo. TikTok imafuna zamphindi imodzi, ndipo kumeneko n'kongokopera anthu. Wofuna kuphunzira ndimamutumizira kanema wautali pa WhatsApp, wochepetsedwa kuti asamuthere bandulo.

Malichi

Mvula yavuta kuyanika. Nyanda yonyowa ikagona m'nyumba masiku awiri imachita nguwi, madontho akuda osachoka. Chidutswa chimodzi chapita choncho, chikhala cha zigamba. Zinazo tinazitambasula pa udzu dzuwa litang'anima, miyala m'makona. Dzuwa ndilo limapatsa mtundu: imachoka pachipika ili yoyererako, ikawombedwa masiku angapo imafiira ngati dothi la katondo.

Ya thewera tinaikwirira m'matope akuda a kudambo usiku umodzi, n'kuitsuka. Yatuluka yotuwa modera, osati yakuda bii, koma agogo akuti kubwereza kumadetsa. Kenako mafuta a nsatsi. Azakhali anakazinga nsatsi, kusinja, kuwiritsa n'kuwengula mafuta pamwamba, ndipo tinapaka pang'ono m'manja n'kumaifikisa nyanda yonse. Kusiyana kwake n'kwakukulu. Yosapaka imalira ukaipinda, yopaka imagwa pathupi mofewa. Fungo lokha ndi loti ulizolowere. (Nsatsi ndi poizoni, ana asayandikire pamene mukusinja, ndipo zotsalira zake musatayire ziweto.)

Epulo

Kusoka ndiko kwanga, apa agogo anakhala pambali n'kumasuta.

Kuti nyanda ya mayi izungulire thupi n'kupitirira, pafunika zidutswa ziwiri zolumikiza. Ulusi wa pa makina sugwira ntchito: ndi woonda ndi wolimba kwambiri, umadula mitsitsi n'kutuluka. Ndapota ulusi wa khonje pantchafu, wa mbali ziwiri, n'kuupaka phula la njuchi. Singano ndi ija yosokera matumba, yaing'ono mwa izo. Zidutswa ndimazisanjikiza m'lifupi mwa chala chimodzi n'kusoka mizere iwiri, misoko yotalikirana, yodutsa mitsitsi mopingasa. Msoko wotsata mitsitsi umangotsegula njira yoti nsalu ing'ambikire pomwepo. Mpendero palibe. M'mphepete motsata mitsitsi simuyoyoka, ndipo kumapeto ndangopitako ndi msoko wokulunga.

Zibowo za nthambi ndazitseka ndi zigamba zodula mozungulira, mitsitsi ya chigamba kuyang'ana kumodzi ndi ya nsalu. Poyamba ndinkafuna kuzibisa kunsi. Nditaona momwe chigamba chakuda cha m'matope chikuonekera pa nsalu yofiira, ndaziika pamwamba dala. Agogo akuti zimenezo n'zanga, iwo analibe nthawi yokongoletsa. Ndalemba choncho pansi pa chithunzi, kuti wina asadzanene kuti Alhomwe akale ankasoka madontho akuda.

Zimenezi ndimaziumirira chifukwa pa intaneti chinthu chikangozungulira kawiri chimasanduka mbiri. Chithunzi cha nyanda yanga ndachipeza kale pena chitalembedwa kuti ndi ya zaka 200.

Meyi

Ndaivala tsiku lathunthu, pakhomo, kugwira ntchito zonse za masiku onse. M'mawa kukuzizira imafunda bwino kuposa chitenje. Kusesa, kusinja, kukhala pamphasa, zonse zinatheka, ngakhale imafuna kukhala mosamala, miyendo pamodzi, chifukwa ukaitambasula mwadzidzidzi umamva ikulira. M'khwapa imakanda thukuta likayamba. Potunga madzi ndi pamene ndinamvetsa zambiri. Madzi odontha mu ndowa anainyowetsa kumsana, inalemera, inatamuka, ndipo pamene panyowapo sipabwereranso mwakale. Kuichapa monga tichapira nsalu, kufikisa ndi kumenya pamwala, n'kuiwononga. Chovala chimene sungachape, anthu akudziwa chimene chimasunga m'misoko. Agogo atandiona ndikukanda anangoti, "Nsabwe sizinabwere n'komwe."

Ndiye amene amati makolo adataya nyanda chifukwa chotengeka ndi za azungu sanaivalepo. Adaisiya chifukwa nsalu ya thonje imachapika, imauma, imatha zaka. Ndiponso thonje silidabwere ndi azungu. David Livingstone atakwera mtsinje wa Shire mu 1859 adapeza Amang'anja akulima thonje, akupota ndi kuluka nsalu zawo, ndipo nsalu za machila za m'chigwa cha Shire zinkagulitsidwa ku Zambezi zaka mazana iye asanabwere. Merikani yoyera ndi kaniki yakuda zinkafika ndi amalonda a Chiyao kuchokera kugombe la nyanja ya mchere, ndipo njira ina yopita ku Quelimane inkadutsa pampata wa pakati pa Mulanje ndi Michesi, pamene atsamunda adamangapo Fort Lister mu 1893. Nsalu zimenezo zinali ndalama, ndipo zina zinkasinthanitsidwa ndi anthu. Tiyi atayamba kudzalidwa kuno mu 1891, ndi Alhomwe ambiri atayamba kuwoloka kuchokera ku Mozambique kudzakhala m'maesiteti pa thangata, nsalu inali kale chinthu chimene munthu ankagwirira ntchito, mpaka malipiro ena oyambirira ankaperekedwa m'mikwamba ya nsalu. Nyanda idatsalira osauka, okalamba, zofunda, matumba a mbewu ndi kukulunga maliro. Amayi a m'badwo wa agogo a mayi anga chimene ankachinyadira chinali biriwita yomanga chilundu, ndi mikanda m'chiuno.

Izi sizikuchepetsa nyanda. Munthu woyenda ndi nkhwangwa ndi nyundo yokha ankatha kuveka banja lake lonse kuchokera m'thengo, ndipo mu 1986 nzeru imeneyo idagwiranso ntchito.

Juni

Zitatu zonse zatha: yaikulu, yoberekera, ndi thewera. Yoberekera ndaiyesa ndi thumba la chimanga lolemera ngati mwana wa chaka, ndipo yagwira. Mwana weniweni sindimuikamo.

Makanema abweretsa anthu a mitundu iwiri. Ena akufuna kugula. Gulu lina lovina tchopa, gule wathu amene UNESCO idamulemba mu 2014, lafunsa nyanda khumi zoti zikhale zitatha pofika Okutobala. Ndawauza kuti sizingatheke. Mitengo itatu yandipatsa zovala zitatu, ndipo yosendedwayo iyenera kupuma mpaka mvula ikubwerayi. Nditatchula mtengo wa imodzi, poganizira masiku a ntchito amene imadya, anati chiguduli chili bwino. Sindiwadandaula. Chimene ndikukana n'choti munthu amve kuti nyanda ili ndi msika n'kulowa m'phiri ndi chikwanje, makamaka tsopano pamene phiri la Mulanje lidalowa m'kaundula wa UNESCO wa malo ofunika padziko lonse mu Julayi 2025. Pachifukwa chimenechi kanema wa kusenda sindimutumiza payekha. Amapita pamodzi ndi wa kukulunga thunthu ndi wa kudzala zikhomo.

Enawo ndi amene akundipindulira. Ndi ana ndi adzukulu amene aonetsa makanema kwa okalamba awo, n'kundijambulira mawu awo pa WhatsApp. Gogo wina wa ku Phalombe akuti kwawo khungwa ankaliwamba pamoto asanasule. Wina wa ku Thyolo, cha ku Thekerani, wafotokoza kusoka zidutswa zinayi kupanga chofunda cha banja. Wina wangoimba nyimbo yosulira, mawu ake a Chilhomwe chakuya chimene ine ndikumva mwa apo ndi apo. Ndaipititsa kwa agogo kuti andimasulire. Aliyense ndikumufunsa kaye ngati alola kuti mawu ake amveke kwa anthu, ndipo amene wakana ndikungosunga. Zonse ndikuzikopera pa memori khadi ziwiri, ina ikukhala kwa msuweni, chifukwa foni imagwa m'madzi ndipo tsamba la pa intaneti limatha kutsekedwa mwini wake osadziwa.

Julayi

Chiperoni chagwira, phiri silikuoneka sabata yonse, kusula kwaima. Mitengo iwiri mwa itatu ija yavala khungwa latsopano thunthu lonse, losalala kuposa loyamba. Wachitatu uli ndi chipsera chachitali mbali ya kumadzulo, pamene mphepo idakanganula masamba tsiku lachiwiri. Umenewo tiupatsa zaka ziwiri. Zikhomo zatsopano za kachere tadzala makumi awiri m'malire a dimba, mbali yonyowa, ndipo mnyamata wa sekondale uja watenga zisanu kukadzala kwawo.

Poyembekezera Disembala ndayamba gawo la thonje. Mlamu wanga wandibweretsera thumba la thonje losachotsa njere kuchokera ku Ngabu, ndipo madzulo aliwonse ndikuchotsa njere ndi zala n'kuyesa kupota ndi kamtengo kolemetsa ndi phale kumunsi. Ulusi ukutuluka wamfundomfundo, koma wayamba kutalika usanaduke. Kuluka kwake agogo akuti sakudziwa, kwawo kunalibe. Amene ali ndi wachikulire ku Chikwawa kapena ku Nsanje amene adaonapo nsalu ikulukidwa pansi, ulusi utakungidwa pa zikhomo, andiuze mudzi wake. Ndikatsika kumapeto kwa Ogasiti, ntchito ya mayunifolomu a sukulu isanandipanikize.